Ndili ndi autism, sindinalire potembenuka mtima: kodi umboni wanga ndi woona?

Telala_wa_Ndirande analemba:

Moni abale ndi alongo. Ndakhala ndikuwerenga zimene mumalemba kuno kwa miyezi ingapo osayankhapo kanthu. Lero ndalimba mtima chifukwa atsogoleri a kutchalitchi kwathu andipempha kuti Lamlungu likudzali ndikapereke umboni wa m'mene ndinapulumukira, ndipo mutu waima.

Ndine mayi wa zaka 34. Ndimasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde la nyumba yathu ku Ndirande. Mu 2022 tinapita ndi mwana wanga wamwamuna kuchipatala chifukwa anafika zaka zinayi asakulankhula, ndipo akamva hutala ya minibasi ankadzigwetsa pansi atatseka makutu. Atamuona kangapo anati ali ndi autism, kusiyana kwa kakulidwe ka ubongo kumene kumakhudza kulankhula, kucheza ndi anthu ndi m'mene munthu amamvera zinthu ngati phokoso. Ulendo wachitatu adokotala anasiya kufunsa za mwana n'kuyamba kufunsa za ine: ngati ndinali ndi anzanga ndili wamng'ono, ngati ndimayang'ana anthu m'maso, ngati pali zakudya zimene sindingathe kuziika m'kamwa. Patapita miyezi anandiuza kuti nanenso ndili nayo. Sindinadabwe kwenikweni. Ndinakula anthu akunditchula wonyada, wosapereka moni, wamwano. Agogo anga okha ndi amene ankati, "Musiyeni, uyu ndi wa yekha."

Ndinabadwira m'banja lopemphera. Kalasi ndinalowa ndili ndi zaka 13, ndipo mayankho a katekisima ndinkaloweza onse osaphonya ngakhale liwu limodzi, moti aphunzitsi a kalasi ankandiimika kutsogolo kuti anzanga atengere chitsanzo. Koma kuloweza kwa ine n'chinthu chapafupi, ndimaloweza ngakhale manambala a galimoto zodutsa pamsewu. Mumtima munalibe kanthu kamene ndikanati ndakhulupirira.

Kusekondale kunkabwera alaliki a chitsitsimutso. Pomaliza ulaliki ankati, "Ngati sukutsimikiza kumene upite ukafa usiku uno, bwera kutsogolo." Ine ndinkadzifunsa moona mtima: kodi ndikutsimikiza? Yankho linali ayi. Ndiye ndinkapita. Ndinapita kanayi m'zaka zitatu. Anzanga amene tinkagwada nawo ankalira, ena kunjenjemera, ena ankati amva ngati katundu watsika pamutu. Ine ndinkamva kuzizira kwa simenti m'maondo ndi fungo la mafuta odzola a mnzanga wa pambali. Ulendo wachinayi mtsikana wina wa fomu 4 anandikokera pambali n'kundiuza kuti ndikuseweretsa Mulungu. Sindinapitenso kutsogolo, ndipo kwa zaka zoposa khumi kutchalitchi ndinkangopita poopa kukhumudwitsa amayi anga.

Chimene ine ndimachitcha kutembenuka mtima chinachitika mu 2021, ndipo chinatenga miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho sukulu zinatsekedwanso chifukwa cha Covid, maoda a yunifomu anaima, ndiye nthawi ndinali nayo. Ndinayamba kuwerenga Uthenga Wabwino wa Marko, mutu umodzi usiku uliwonse. Mitu yake ndi 16, ndikamaliza ndinkabwerera pa 1. Ndinasankha Marko chifukwa sazungulira, amangonena chimene chinachitika n'kupita pa chinzake. Ulendo wachisanu ndinaima pa mutu 7 ndime 33, pamene anthu anabwera kwa Yesu ndi munthu wogontha, wachibwibwi. Pamati Yesu anampatula pa khamu la anthu n'kupita naye pa yekha, ndipo anamkhudza makutu ndi lilime asanatulutse mawu. Ndimeyi ndinali nditaidutsa kanayi osawaona mawu akuti pa yekha. Usiku umenewo ndinaganiza kuti: munthu uyu akudziwa kuti alipo anthu amene khamu limawapweteka. Mawa lake m'mutu 8 ndinapeza wachitanso zomwezo ndi wakhungu wa ku Betsaida, wamgwira dzanja n'kutuluka naye kunja kwa mudzi. Kuyambira pamenepo ndinkawerenga ngati munthu amene akuonetsetsa mnzake kuti aone ngati ndi wokhulupirika. Pofika mu Okutobala ndinapeza kuti ndikumukhulupirira, kuti anafa, anauka, ndipo ine ndine wake. Sindinalire. Tsiku lake sindingakuuzeni.

Chimene chinasintha ndi ichi. Matelala ambiri tili ndi chizolowezi: kasitomala akabweretsa nsalu ya mamita atatu, diresi n'kutha mamita awiri ndi theka, chotsalacho timasunga osanena kanthu. Ine ndinali ndi jumbo lodzaza. Ndinazisita zonse n'kuyamba kubwezera eni ake, popeza nsalu iliyonse ndimakumbukira amene anabwera nayo. Mayi wina wa ku Chirimba anagwira pakamwa, anati kansalu kochepa chonchi mwayendera mtunda wonsewu. Masiku ano chotsala ndimachipinda n'kuchiika pamwamba pa chovala m'jumbo la mwini wake.

Mpingo umene ndikupemphera pano ndi wa chipentekoste, ndinatsatira amuna anga. Anthu ake ndi abwino, mwana atagonekedwa m'chipatala ankasinthana kutibweretsera chakudya. Vuto langa ndi phokoso. Ena amandifunsa kuti nanga makina osokera ndimawapirira bwanji tsiku lonse. Makina ndimawadziwa: ndikaponda amalira, ndikachotsa phazi amakhala chete. M'tchalitchi muli kiyibodi, ng'oma, maikolofoni atatu ndi anthu 200 akupemphera mokweza aliyense zake, ndipo zonsezo zimalowa m'mutu mwanga nthawi imodzi, palibe chimene chimatsalira kumbuyo. Pa m'bindikiro wa amayi mu Julayi ndinafika poti sindingathenso. Ndinatseka makutu n'kuyamba kudzigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo, m'mene ndimachitira kuti mtima ukhale pansi. Amayi anayi anandizungulira, kundigwira mutu, kufuulira m'khutu mwanga kuti chituluke. Pakamwa panatsekeka, sindinathe kulankhula kwa maola awiri. Mawa lake mmodzi wa iwo anandiuza, mwachikondi ndithu, kuti ndili ndi mzimu wouma mtima.

Lachiwiri lapitali ndinayeserera umboni wanga pamaso pa mtsogoleri wa amayi. Atamva anati, "Zili bwino, koma mulibe moto. Tchulani tsiku, nenani m'mene munamvera." Ndikatchula tsiku ndinama. Ndikati ndinamva moto ndinamanso.

Kodi alipo wina kuno wa autism amene anadutsa m'zoterezi? Munadziwa bwanji kuti mwakhulupiriradi? Nanga munthu amene nkhope yake siionetsa kanthu, mawu ake sakwera, angaonetse bwanji chikhulupiriro chake pakati pa anthu amene amachiyeza ndi misozi? Palinso china chimene sindinauze ngakhale amuna anga: usiku ndikagona ndimaganiza kuti mwina amayi aja akunena zoona.

Kachere_ku_Leeds anayankha:

Achemwali, ndawerenga kawiri. Nkhani ya kupita kutsogolo mobwereza ndi yanganso, ine ndinapita katatu, pa chifukwa chomwecho. Mlaliki anafunsa funso, ine ndinaliyankha molingana ndi m'mene analifunsira.

Kwathu ndi ku Mchinji, kuno ku Leeds ndinabwera mu 2015, ndipo anandiyeza ndili ndi zaka 33. Kale anthu olankhula bwinobwino ngati inu ndi ine ankati tili ndi Asperger, koma mu 2013 madokotala a ku America anachotsa dzinalo m'buku lawo n'kuika onse m'gulu limodzi la autism. N'chifukwa chake mwana wanu wosalankhula ndi inu wolemba bwino chonchi muli ndi dzina limodzi.

Pali liwu lina limene linandimasula kwambiri: alexithymia. Ndi kuvutika kuzindikira ndi kutchula chimene ukumva mumtima. Si onse a autism ali nalo vutoli, koma ambiri tili nalo. Mtima umamva ndithu, kungoti uthenga wake umachedwa, kapena umatulukira m'thupi. Bambo anga atamwalira ndinapita kumudzi, pamaliro ponse sindinagwetse msozi, azakhali anandinena kwambiri. Nditabwerako, patatha masabata atatu, ndinakhala masiku anayi nsima isakulowa, tulo osabwera. Mkazi wanga ndi amene anandiuza kuti, "Chimenechi ndi chisoni, ukulira bambo ako." Tsono ngati imfa ya bambo wondibala sinatulutse msozi pa tsiku lake, ndingayeze bwanji chikhulupiriro changa ndi misozi? Muyezo umenewo pa ine sugwira ntchito pa china chilichonse.

Ine ndinakhazikika ku Katolika. Sindikukukopani ayi, ndikungofotokoza chimene chinandigwira. Misa siisintha. Ndimadziwa poimirira, pogwada, ndi mawu oyankha, ndiye mutu wanga sukhala kalikiliki kulondera chimene chichitike, umapeza mpata womvera. Ndimakonda Misa ya m'kati mwa sabata m'mawa, anthu ochepa, yopanda nyimbo, yosafika theka la ola. Kolona imandithandizanso, mikanda ikamayenda m'zala imachita ntchito yomwe kudzigwedeza kumachita kwa inu. Mapemphero anga ambiri ndimalemba m'kabuku. Akandiuza mwadzidzidzi kuti nditsogolere pemphero pagulu mawu amathawa, koma ndi cholembera ndimatha masamba awiri.

Dziwaninso kuti simuli nokha. Ku Georgia ku America m'busa wina, Lamar Hardwick, anapezeka ndi autism ali ndi zaka 36, ali kale paubusa, ndipo analankhula poyera za m'mene mpingo umalemetsera anthu ngati ife. Ku University of Aberdeen ku Scotland kuli gulu la akatswiri a zaumulungu amene amafufuza za autism ndi moyo wa mumpingo, ndipo mmodzi mwa amene analiyambitsa, Grant Macaskill, ali ndi autism iye mwini. Munthu ameneyu ndi mphunzitsi wa Chipangano Chatsopano.

Za phokoso, funani timasiponji totsekera m'makutu timene amavala ogwira ntchito m'mafakitale, m'mashopu a zipangizo zomangira timapezeka. Ulaliki mumaumvabe, koma kuthwa kwa masipika kumachepa. Khalani pafupi ndi chitseko, kutali ndi sipika. Ndipo gwirizanani ndi amuna anu pasadakhale kuti mukayamba kudzigwedeza iwo aziima pambali panu, wina aliyense asakugwireni. Pa nthawi imeneyo dzanja la munthu limaotcha, inu mukudziwa.

Mayi_Tadala_25 anayankha:

Amayi, ine ndine wa chipentekoste kuyambira 1998 ndipo sindibisa, mtima wanga wagawanika powerenga nkhani yanu. Zokugwirani mutu n'kumakufuulirani m'khutu muli mu ululu, zimenezo ayi. Pepani kwambiri. Inenso ndakhalapo m'gulu la ozungulira munthu chonchija, ndipo lero ndadzifunsa kuti mwa amene tinawafuulira ndi angati anali ngati inu.

Koma ndiloleni ndinene za kukhosi. Agalatiya 5:22 amati chipatso cha Mzimu ndi chikondi, chimwemwe, mtendere. Kodi chimwemwe chimabisika? Wopunduka uja wa pa khomo la Kachisi atachira analowa akuyenda, akulumpha, akuyamika Mulungu. Ine ndinali munthu wouma, ndinkakhala benchi yakumbuyo manja nditapinda, ena akamaimba ine kumayang'ana wotchi. Tsiku limene Ambuye anandikhudza ndinalira mpaka chitenje kunyowa, ndipo moyo wanga sunakhalenso chimodzimodzi. Ndiye mantha anga ndi akuti dzina la kuchipatalali lingakutsekereni khomo, muzingoti ndi m'mene ndilili, pamene Mulungu akufuna kukupatsani zoposa pamenepo. Kodi munayamba mwamupempha kuti akuchotsereni?

Telala_wa_Ndirande anayankha:

Zikomo a Kachere, za bambo anu zandikhudza. Ndazilemba m'kope.

Amayi a Tadala, zikomo polankhula mosabisa, ine ndimamva bwino munthu akalunjika. Chimwemwe ndili nacho. Kungoti sichitulukira pankhope, chimatulukira m'manja. Ndikasangalala manja anga amakupiza ngati nkhuku ikufuna kuuluka. Ndili mwana ndinkamenyedwa chifukwa cha zimenezi, ankati ndisiye zauchitsiru, mpaka ndinaphunzira kukhalira manja anga pampando. Usiku umene ndinawerenga Marko 16, mkati mwa Okutobala uja, pamene amayi anapeza mwala utakunkhunizidwa, ndinadzuka pamkeka n'kumayenda uku ndi uku m'chipinda ndikukupiza manja mpaka amuna anga anadzidzimuka kutulo. Kumeneko ndiye kulumpha kwanga, ngati kwa wopunduka amene mwamutchulayo.

Vuto lili apa: ndikakhala chete amati ndine wouma mtima, ndikalola thupi langa kusangalala m'njira yake amati chiwanda chaonekera. Ndiye ndimakhalira manja anga m'tchalitchi ngati m'mene ndinkachitira ku pulayimale.

Za kupempha, ndinapempha kuti phokoso lisamandipweteke, ndipo ndikupemphabe. Koma kuti andichotsere autism yonse ndimaopa kupempha, chifukwa mutu umene umaima pa liwu limodzi osasuntha ndi womwewo unaona mawu aja akuti pa yekha.

Gogo_Mphunzitsi_Dedza anayankha:

Mwana wanga, ndine nkhalamba ya zaka 71, ndinapuma pa uphunzitsi wa ku pulayimale ndipo ndakhala mkulu wa mpingo zaka 26. Mdzukulu wanga ndi amene wandionetsa nkhani yakoyi pafoni, ndipo akundilembera ndikunena.

Tenga Baibulo lako utsegule Machitidwe 16. Ku Filipi kunatembenuka anthu awiri amene Luka anawafotokoza bwino. Wina ndi mdindo wa ndende. Ameneyo kunachita chivomezi pakati pa usiku, zitseko kutseguka, iye kusolola lupanga kuti adziphe, kenako kugwa pansi akunjenjemera pamaso pa Paulo ndi Sila. Umboni wake uli ndi tsiku, uli ndi ola, uli ndi moto. Koma woyamba kukhulupirira mumzindawo anali Lidiya wa ku Tiyatira, ndipo ntchito yake inali yogulitsa nsalu za chibakuwa. Mayi wa nsalu ngati iwe. Za iye palibe chivomezi, palibe misozi. Anakhala m'mbali mwa mtsinje tsiku la Sabata akumvetsera, ndipo pa ndime 14 pamangoti Ambuye anatsegula mtima wake kuti amvere zimene Paulo ankanena. Anabatizidwa, n'kuitanira alendowo kunyumba kwake. Mutuwo ukamatha, abale akupezeka m'nyumba ya Lidiya yemweyo. Anthu awiriwa anali mumpingo umodzi, ndipo sitiwerenga kuti mdindo anauza Lidiya kuti umboni wako ulibe moto.

Bwerera pa mutu 8 uone nduna ya ku Itiopiya. Inali pagaleta ikuwerenga Yesaya, inafunsa Filipo funso lolunjika, inayankhidwa, ndipo itaona madzi inati chindiletsa n'chiyani kubatizidwa. Munthu wa buku ndi mafunso. Timoteo nayenso anadziwa malembo kuyambira ali khanda kudzera mwa amayi ake ndi agogo ake, tsiku lotembenuka silinalembedwe. Ife alaliki timakonda nkhani ya Saulo pa njira ya ku Damasiko chifukwa imalalikika bwino, n'kuiwala kuti m'buku lomwelo njira ndi zambiri.

Za jumbo la nsalu lija, werenga Luka 19. Yesu ananena kuti lero chipulumutso chafika m'nyumba iyi Zakeyu atangolonjeza kubweza zimene analanda. Ine pa zaka zonsezi ndaona anthu ambiri akulira kutsogolo Lamlungu, koma oyenda wapansi kukabweza kansalu ndingawawerenge ndi dzanja limodzi.

Tsopano ndiulule tchimo langa. Cha m'ma 1990 ndinkaphunzitsa kalasi, ndipo munali mnyamata wina amene sankayang'ana munthu kumaso. Ukamufunsa funso ankayamba walibwereza liwu ndi liwu asanayankhe, nthawi zina osayankha n'komwe. M'mudzi ankati bambo ake anamukhwimira kuti chigayo chiziyenda bwino. Dzina loti autism tinali tisanalimve. Ine ndinkati ndi mwano, ndipo ndinamubweza zaka ziwiri zotsatizana kuti asabatizidwe. Chonsecho Loweruka lililonse mnyamatayo ankabwera yekha kudzasesa tchalitchi ndi kuyala mabenchi molunjika bwino, mvula kapena dzuwa, popanda womutuma. Mayi wina wachikulire, mkulu wa mpingo mnzanga, ndi amene anandidzudzula pabwalo la akulu. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, mufunseni ali chisesere, musamuimike pamaso pa anthu. Ndinapita Loweruka, ndinatenga tsache langa, n'kumufunsa tonse tikuyang'ana pansi. Anayankha mafunso onse, ndipo nditamufunsa chifukwa chimene amasesera anati, "Ndi nyumba ya Yesu." Anabatizidwa chaka chimenecho. Lero ndi bambo wa imvi, ndipo belu la Lamlungu amaimba ndi iye, silinachedwepo. Zaka ziwiri zija ndinamulanda ine, ndipo zimandiwawabe.

Eli wansembe anaona Hana akupemphera milomo ikugwedera mawu osamveka, n'kumuyesa woledzera. Atumiki a Mulungu timalakwitsa poweruza ndi maso. Koma taona kuti Hana sanathawe, anamuyankha Eli mwaulemu kuti iai mbuyanga, n'kumufotokozera. Iwenso usathawe kukapemphera wekha kunyumba. Pita kwa abusa eni ake, utenge amuna ako, utengenso pepala la kuchipatala. Umboni wako ulembe ndipo upemphe kuti ukauwerenge m'mene ulili, osaonjezera mchere.

Amake_Dalitso_Chipata anayankha:

Ndikulemba kuchokera ku Chipata kuno ku Zambia. Amayi a ku Ndirande, inu mwatha kufotokoza zanu, ndipo ndikuthokoza, chifukwa mwandipatsa mawu a zinthu zimene mwana wanga sangathe kundiuza. Ali ndi zaka 16 ndipo salankhula, mawu amene amatulutsa safika khumi. Ndiye funso lanu kwa ine likulemera mwa njira ina. Aroma 10:9 amanena za kuvomereza ndi pakamwa. Nanga amene pakamwa pake sipatulutsa mawu?

Nthawi ikakwana 7 koloko madzulo, mwana wanga amapita kuchipinda, amatenga Baibulo n'kuliika pamiyendo ya bambo ake. Tikaiwala kapena kukakhala alendo, amaima pamenepo ndi bukulo mpaka tiyambe. Tikamapemphera amang'ung'uza nyimbo imodzi ya m'buku la nyimbo, yomweyomweyo zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amasiya pomwe tanena ameni. Agogo ake atamwalira, tsiku limene tinabwera kumanda, anatenga Baibulo masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi yake isanakwane, n'kundipatsa ine. Anthu amati n'chizolowezi chabe. Tsiku limenelo sichinali chizolowezi.

Mgonero sanayambe kulandira chifukwa sangayankhe mafunso a kalasi. Anzake amene anabadwa nawo chaka chimodzi onse akulandira. Mbale ikamadutsa amaitsatira ndi maso, ine ndimayang'ana kumbali. A Gogo a ku Dedza, ngati mdzukulu wanu angakuwerengereni izi, ndiuzeni mungatani inu mwana wotere atakhala mu kalasi yanu, poti ngakhale ndi tsache m'manja sangakuyankheni.

Chimodzi chimene chinathandiza kuno: pa 2 Epulo ndi tsiku lokumbukira autism pa dziko lonse, lakhala likuchitika kuyambira 2008. Chaka chatha ndinapempha abusa mphindi zisanu Lamlungu loyandikira tsikulo. Ndinauza mpingo kuti bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, linayerekeza kuti mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 100 ali ndi autism, kuti si ufiti, si tchimo la makolo, n'kuwerenga Yohane 9 pamene ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani. Titaweruka amayi atatu ananditsatira kuseri kwa tchalitchi mmodzimmodzi. Onse ali ndi ana amene amawatsekera kunyumba Lamlungu. Mmodzi wa anawo tsopano amabwera, amakhala ndi ife pakhonde pafupi ndi zenera.

Telala_wa_Ndirande anayankha:

Pepani ndachedwa kuyankha, Lolemba lonse ndinagona, thupi linali litatheratu.

Lachinayi tinapita kwa abusa ndi amuna anga monga munanenera a Gogo. Ndinawapatsa pepala la kuchipatala ndi umboni wolemba. Anawerenga mwakachetechete, kenako anafunsa mafunso ambiri za mwana wathu, ena ovuta. Za m'bindikiro wa Julayi anati sanamve, ndipo alankhula ndi amayi. Anavomera kuti ndiwerenge, anangopempha kuti ndikweze mawu.

Lamlungu ndinawerenga. Zinatenga mphindi zinayi. Ndinanena kuti tsiku ndilibe, ndili ndi miyezi isanu ndi itatu. Ndinawerenga Marko 7:33, ndinanena za jumbo la nsalu, ndinatchulanso Lidiya. Woimba kiyibodi anayamba kuimba pansipansi m'mene amachitira pa umboni, amuna anga anamukodola ndipo anasiya. Pomaliza manja anayamba okha kukupiza. Ndinafuna kuwabisa kumbuyo, koma ndinawaleka. Palibe anandigwira. Ameni analipo koma wochepa poyerekeza ndi wa mnyamata amene anapereka umboni ine ndisanapite. Mtsogoleri wa amayi sanandilankhule mpaka lero, ndipo mmodzi wa amayi anayi aja anauza mlamu wanga kuti abusa afewa. Izi zikundipweteka, sindinama. Koma panja bambo wina amene sindimamudziwa dzina anandidikirira, anafunsa kuti mwana wathu tinakamuyezetsa kuti, chifukwa mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu amatseka makutu akamva mtondo.

Amake Dalitso, nkhani yanu ndaiwerenga kasanu. Wanga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo njira imene mukuyendayo ndi imene ikundidikira. Musasiye kulemba kuno, ndipo a Gogo akayankha ndikufuna ndimve nawo.

A Kachere, timasiponji tija ndinatipeza ku Limbe m'shopu ya zipangizo zomangira. Pa kiyibodi ndi maikolofoni tikuthandiza kwambiri, koma ng'oma ndikuimvabe m'chifuwa ngakhale nditakhala pachitseko. Inu mumatani nayo imeneyo?